Za Liwu Lakuti "Transport"

Aphunzitsi ambiri amamasulira liwu lakuti "transport" kuti kunyamula, nalekera pomwepo. Ife sitikhutira nazo. M'Chingerezi liwuli likakhala dzina timatsindika phatikizo loyamba, likakhala mneni timatsindika lachiwiri, chikhalirecho kalembedwe sikasintha. Ku America dzinali amalitalikitsa kuti "transportation", liwu limene ku Britain linkatanthauzanso chilango chopititsa akaidi kutsidya kwa nyanja, monga ku Australia pakati pa 1788 ndi 1868.

Kwathu kuno liwuli linatenga njira ina. Munthu akati "ndilibe thiransipoti" sadandaula za galimoto ayi, koma za ndalama zolipirira ulendo. Tikupempha okonza mtanthauziramawu kuti asataye tanthauzo limeneli poliyesa Chingerezi chopotoka, pakuti ndi limene limamveka tsiku ndi tsiku pokwerera basi.