Mpira ndi Cikondi m'Mabuku a Mariana Zapata

Pali mtundu wa mabuku a nthano umene waculuka kwambiri m'Cingerezi zaka zino, ndiwo wa nthano za cikondi zocitika pakati pa anthu a masewero. Mwamuna amakhala katswiri wa mpira kapena wa masewero ena, mkazi amakomana naye, awiriwo amayamba ndi kudana, ndipo potsiriza amakondana. Wowerenga amadziwa mathero ace asanatsegule tsamba loyamba, monga momwe ana amadziwira kuti Kalulu adzapulumuka. Cimene afuna kuona ndico njira imene mlembi adzamuyendetsamo. Mabuku ambiri otere ngofanana ngati njerwa za cikombole cimodzi. Koma pali mlembi mmodzi amene ndifuna kuti inu ophunzira nchito ya uphunzitsi mumdziwe, cifukwa pa zabwino zace ndi pa zolakwa zace pomwe pali kanthu kokhudza nchito imene mukuikonzekera.

Mlembiyo ndiye Mariana Zapata, mai wa ku Texas m'dziko la America, amene anayamba ndi kusindikiza yekha mabuku ace. Atatu mwa iwo ndiwo anamveketsa dzina lace: Kulti wa caka ca 2015, The Wall of Winnipeg and Me wa 2016, ndi From Lukov with Love wa 2018. Ndidzanena zambiri za loyambalo, popeza liri la mpira wa miyendo umene tonse tiudziwa.

Wosimba nthano m'bukuli ndiye Sal Casillas, mtsikana wa zaka 27 wosewera m'timu ya akazi ya mu mzinda wa Houston. Timuyo, ya dzina lakuti Pipers, njongopeka. Ali mwana wamng'ono, Sal anaona Reiner Kulti, katswiri wa ku Germany, akusewera pa wailesi ya kanema, ndipo anapacika zithunzi zace pa khoma la cipinda cace. Tsono atakula, munthu yemweyo, atapuma kusewera, abwera kudzakhala wothandiza mphunzitsi wa timu yao. Amene afika si mngelo wa pa khoma uja iai. Ndi munthu wamwano, wosalankhula, wokonda mowa, amene aima pambali pa bwalo masiku ambiri osaphunzitsa kanthu. Ndiponso ndiye anathyola mwendo wa mlongo wace wa Sal m'masewero ena a kale.

Bukuli liri ndi masamba oposa 500, ndipo awiriwa saululirana cikondi kufikira cakumapeto kweni-kweni. Owerenga ena amatopa nako kucedwa kumeneku. Ine ndiyesa kuti m'kucedwamo ndimo muli luso lonse la Zapata, ndi kuti analitenga ku masewero komweko. Mwana sadziwa kuponya mpira tsiku limodzi. Aponya lero, aponya mawa, aphonya, abwerezanso, kufikira mwendo udziwa wokha. Comweconso mlembiyu amanga cikondi ndi tinthu tating'ono tobwerezedwa. Kulti sayendetsa galimoto, tsono Sal amtenga m'yace pocokera ku bwalo, ndipo ayenda osalankhulana. Tsiku lina alankhulana mau awiri. Tsiku lina asewera awiri okha, wina safuna kugonja kwa mnzace. Pambuyo pace ayamba kupatsana maina oseka, iye amucha nkhono m'cinenero ca kwao, ndipo Sal ambwezera ndi maina a zakudya za ku Germany. Palibe tsamba limodzi limene munganene kuti apa ndipo pamene cikondi cayambira. Mungozindikira kuti cafika kale, monga muzindikira kuti cimanga cakula ngakhale simunacione cikukula.

Cinthu caciwiri cimene ndicitama ndico cakuti mkazi wa m'nthanoyi ali ndi nchito yace, ndipo nchitoyo siiiwalika mwamuna akaoneka. Sal adzuka m'mamawa kukathamanga, asamala mabondo ace, adziwa kuti zaka zace zosewera ziri zowerengeka. Atacoka ku bwalo apita kukadula udzu ndi kusamala maluwa pa makomo a anthu, cifukwa malipiro a mpira samkwanira. Apa mlembi sanakokomeze. M'caka ca 2015, pamene bukuli linaturuka, malipiro ocepetsetsa a wosewera mu National Women's Soccer League, ligi yeni-yeni ya akazi ya ku America, anali madola 6,842 pa nyengo yonse, ndipo osewera ambiri anali ndi nchito yaciwiri. Akazi a timu ya dziko lao anacita kupita ku bwalo la milandu m'caka ca 2019 kufuna malipiro ofanana ndi a amuna, ndipo mlanduwo unatha m'caka ca 2022 ndi pangano la madola 24 miliyoni. (Ligi yomweyo ndiyo imene mwana wa kwathu Temwa Chawinga anagoletsamo zigoli 20 m'caka ca 2024, akusewera mu Kansas City Current, atsikana a m'makalasi mwanu adzakufunsani za iye, ndipo nkwabwino kuti mudziwe kumene ligiyo yacokera.)

Koma malo amene ndiwakonda koposa m'buku lonse sali a cikondi konse. Atate ace a Sal, munthu wosauka wocokera ku Mexico, akhala akutama Kulti zaka zambiri. Tsiku lina abwera ku bwalo, napita kukampatsa moni ndi cimwemwe ca mwana, ndipo katswiriyo awanyalanyaza. Sal, amene wapirira mwano wonse wocitidwa kwa iye mwini, alephera kupirira manyazi a atate ace, napita kukamdzudzula pamaso. Pamenepo mpamene fano la pa khoma ligwa, ndipo anthu awiri ayamba kuonana monga anthu. Mukamadzaphunzitsa ana kulemba nthano, kumbukirani citsanzo cimeneci: mlembi sanatiuze kuti Sal akonda atate ace, kapena kuti ngwolimba mtima, watiikira cocitika cimodzi, ndipo tadziwa zonse ziwiri.

Zolakwa ziripo, ndipo zina nzoonekera msanga. Sal abwereza maganizo ace kawiri-kawiri, kotero kuti masamba 100 akadacotsedwa popanda nthano kupunduka. Mau otukwana ngambiri. Ndiponso mwamuna wamwano akhululukidwa mosavuta cifukwa ca mphatso zace ndi cifukwa cakuti mwano wace ausiya kwa mkazi mmodzi yekha, pamene ena onse apitirira kuulawa. Cilema cimeneci cibweranso m'buku la 2016, m'mene Aiden Graves, cimphona ca mpira wa ku America cocokera ku Canada, akhala zaka ziwiri osayamika Vanessa, mlembi wace, ndipo amfuna pokhapo atasiya nchito, kuti akwatirane ukwati wa pa pepala wompezera cilolezo cokhala m'dzikomo.

Colakwa cacikulu ciri pena, ndipo ndico candicititsa kulemba. Kulti ndi mphunzitsi wa Sal. Amposa ndi zaka zoposa khumi, ali ndi cuma, ali ndi dzina, ndipo mau ace amveka kwa akulu a timu. Zapata akudziwa kuti apa pali minga, ndipo cifukwa cimodzi ca kucedwa kuja ndico comweci: mwamunayo adikira kufikira nyengo ya masewero ifika kumapeto. Mlembi ayesa kuti kudikirako kwatsuka zonse. Ine sindibvomereza. Miyezi yonse ija mphunzitsi akwera galimoto la wosewera mmodzi, aceza kwao kwa wosewera mmodzi, akwiya koposa akapwetekedwa wosewera mmodzi. Anzace a m'timu akayamba kung'ung'udza, nthano iwaonetsa ngati anthu a nsanje ndi amiseche. Popeza wosimba ndi Sal yekha, sitimva konse mtima wa mtsikana wina amene athamanga mofanana, nabwera m'mamawa mofanana, koma aona kuti diso la mphunzitsi liri kwina. Buku la masamba 500 linali ndi malo okwanira kumpatsa mtsikana ameneyo tsamba limodzi lomveka bwino, ndipo silinampatse.

Kunena zoona, bukuli linalembedwa zinthu zina zisanaululike. M'caka ca 2021 osewera a ligi ija anayamba kunena poyera za aphunzitsi amene anawazunza, ndipo aphunzitsi angapo anacotsedwa nchito. Mu October 2022 Sally Yates, amene kale anali waciwiri kwa mkulu wa za malamulo m'boma la America, anaturutsa zofufuza zace, zosonyeza kuti nkhanza za mau ndi za cigololo zinali zofala m'ligimo, ndi kuti akulu anamva madandaulo koma sanacitepo kanthu. Kulti wa m'nthano sacita zotere. Ngwodziletsa, ndipo Sal ndi munthu wamkulu wodziwa kukana. Koma wowerenga wa lero sangathe kuiwala kuti njira zimene nthanoyi iziyesa zokoma, kusankha mmodzi, kumuitana pa yekha, kumpatsa mphatso, ndizo njira zomwe zija zimene ena anayendamo ndi mtima woipa. Inu mudzapatsidwa kalasi, ndipo ambiri a inu mudzapatsidwanso wezulo ndi timu ya sukulu. Ana adzaona amene mumyang'ana kawiri, ngakhale inu musanadziwe kuti mwatero.

Cifukwa cace ndiyesa From Lukov with Love kukhala lopambana mwa atatuwa pa kamangidwe, ngakhale masewero ace ngacilendo kwa ife. Jasmine Santos ndi Ivan Lukov atsetsereka pa madzi oundana atabvala nsapato za mipeni kunsi, ndipo asewera awiri-awiri, mwamuna kunyamula mkazi pamwamba pa mutu ndi kumponya m'mwamba. Adana kuyambira kale, koma palibe amene ali mphunzitsi wa mnzace. Onse awiri ali pansi pa mphunzitsi mmodzi, ndipo wina akalakwa agwa onse. Apa masewero ndi cikondi zagwirizana popanda msoko, popeza kukhulupirira dzanja la mnzako ndiyo nchito imene ayenera kuiphunzira m'mawa uli wonse, afune asafune. Jasmine abvutikanso ndi kuwerenga kuyambira ubwana wace, nacita manyazi nako, ndipo mphunzitsi ali yense adzamzindikira mwana wotere m'kalasi mwace.

Mabukuwa ngolembedwera anthu akulu. Muli mau ndi zocitika za m'cipinda zosayenera ana a pulaimale, tsono musawaike m'kabati ya mabuku a sukulu. Amene afuna kuwerenga limodzi lokha pa nthawi ya cuti ayambe ndi la Jasmine; amene akonda mpira atenge Kulti, ndipo powerenga adziyese mmodzi wa atsikana ena aja a m'timu.