Masiku Opanda Kanthu ku Dadaab

Mabuku ambiri onena za nkhondo amakonda mfuti. Amationetsa mudzi ukupsa ndi anthu akuthawa, ndipo nkhani imatha wothawayo akangowoloka malire, ngati kuti mavuto ake athera pomwepo. Buku la When Stars Are Scattered, limene Omar Mohamed adalemba mothandizana ndi Victoria Jamieson ndipo lidatuluka ku America mu 2020, limayambira pamene mabuku enawo amalekezera. Tikamakumana ndi Omar pa masamba oyambirira, nkhondo ya ku Somalia ili kale kumbuyo kwake. Iye ndi mng'ono wake Hassan akhala kale zaka zingapo mu msasa wa Dadaab, kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, ndipo adzakhalamo mpaka zitakwana zaka pafupifupi 15.

Iyi ndi nkhani yoona ya moyo wa Omar, yofotokozedwa kudzera m'zithunzi zojambula pamanja ndi mawu ochepa. Jamieson ndiye adajambula, ndipo Iman Geddy adaika mitundu. Omar adachoka kwawo ali ndi zaka 4, pa nthawi imene boma la Siad Barre lidagwa mu 1991 ndipo dziko lidagawikana pakati pa magulu ankhondo. Bambo ake adaphedwa, ndipo mayi ake adasiyana nawo pothawa. Dadaab idakhazikitsidwa nthawi yomweyo kuti isunge anthu pafupifupi 90,000, koma pa chilala cha 2011 chiwerengero chidayandikira theka la miliyoni. Ana ena adabadwira momwemo, nakulira momwemo, nabereka ana awo momwemo.

Mphamvu yaikulu ya bukuli ndi yakuti lidazindikira mdani weniweni wa mwana wa mumsasa. Mdaniyo ndi kudikira. Omar amadikira pa mzere wa madzi, amadikira pa mzere wa chakudya, amadikira kuti dzina lake lioneke pa mndandanda wa oitanidwa ndi bungwe la United Nations, ndipo koposa zonse amadikira mayi ake. Chakudya chimagawidwa pakapita masiku 15, koma sichifika tsiku la 15. Masiku otsalawo ana amawatchula kuti masiku opanda kanthu, ndipo bukuli silichita nawo phokoso: limangotionetsa ana ali m'kalasi, mitu ili pansi, mphunzitsi akulankhula kwa anthu amene maganizo awo ali kumimba. Amene adaonapo mwezi wa Febuluwale kumudzi chaka cha njala sadzafuna womumasulira.

Tiyamikirenso malo amene olembawo adaikapo nkhani ya kuthawa kwa Omar. Sadaiike poyamba kuti ikope owerenga. Timaimva mkatikati mwa buku, pamene mnyamatayo wakhala pamaso pa wogwira ntchito wa United Nations amene akulemba mayankho ake osaonetsa chisoni kapena kudabwa. Chinthu chowawa kwambiri pa moyo wake Omar akuchifotokoza ngati umboni, kwa mlendo, kudzera mwa womasulira, podziwa kuti tsogolo lake ndi la mng'ono wake lili m'mawu amenewo. Pamenepa bukuli likunena zoona zimene nyuzipepala sizinena kawirikawiri: wothawa nkhondo amakakamizika kusandutsa chisoni chake kukhala chiphaso. Ndipo atatha kukhuthula zonsezo, yankho limatenga zaka.

Hassan salankhula. Mawu amodzi okha amene amatuluka pakamwa pake ndi a Chisomali otanthauza mayi. Amadwalanso matenda akugwa, ndipo amakonda kuchoka pakhomo osadziwika kumene walowera. N'chifukwa chake Omar atauzidwa ndi mkulu wina wa m'dera lawo, Salan, kuti ayambe sukulu, sakondwera msanga. Kupita kusukulu ndiko kusiya mng'ono wake tsiku lonse, ndipo mwana amene adasiyidwapo amadziwa kuti munthu akachoka sikuti nthawi zonse amabwerera. Kulimba mtima kumene bukuli likutionetsa ndi kwa mtundu umenewu: mwana wa zaka 11 akuyeza udindo wa lero ndi chiyembekezo cha mawa, popanda kholo lomuuza chochita.

Komabe sikuti alibiretu kholo. Pali mayi Fatuma, amene hema lawo lili pafupi ndi la anyamatawa ndipo amawalera ngati ana awo. Kwa ife Asilamu, mayi ameneyu ndiye mtima wa bukuli. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adakula ali mwana wamasiye m'manja mwa agogo ake Abdul Muttalib ndi bambo ake aakulu Abu Talib, ndipo ulemerero wa wolera mwana wamasiye timauphunzira tili ku madrasa. Mayi Fatuma alibe chuma choti apereke sadaka. Ali ndi mbuzi, mphika ndi mawu olimbikitsa akuti Mulungu adzakonza zinthu. Nthawi zina Omar amatopa nawo mawu amenewa, ndipo olembawo sadabise kutopako. Tsono mwayi wopita ku America utapezeka, mayi Fatuma amatsala, chifukwa pa mapepala iwo si mbale wa anawo. Zaka zonse zophika, zosambitsa ndi zochezera usiku Hassan akadwala zilibe malo pa fomu. Bukuli silidzudzula aliyense pa mfundoyi, koma wowerenga amatseka tsambalo akudziwa kuti pali china chosalongosoka pa mmene maofesi amawerengera ubale.

Chisilamu m'bukuli chili ngati madzi mumtsuko: chilipo, ndipo palibe amene akuchilengeza. Anthu amaswali, amasala m'mwezi wa Ramadhan ngakhale kuti miyezi inayo amasalanso mosafuna, amasangalala pa Eid, ndipo Omar ndi mnzake Jeri amapezerapo kamalonda kogulitsa chakumwa kwa anthu omasula swaumu madzulo. Titatopa ndi mafilimu amene Msilamu amangotulukiramo atanyamula bomba kapena akulira, n'zotsitsimula kuona ana a Chisilamu akukangana za mpira. Sabr imene tikuiona pano siyofanana ndi kungokhala chete. Omar amakwiya, amachita nsanje ena akasankhidwa kupita kunja, amalankhula mawu opweteka kwa anzake, kenaka amachita manyazi ndi kubwerera. Ngakhale Mneneri Yaqub, amene Surat Yusuf imamuika kukhala chitsanzo cha kupirira, adalira mwana wake mpaka maso adachita khungu.

Pali mtsikana mmodzi amene sitingamudumphe. Maryam ndiye wanzeru kuposa onse m'kalasi, ndipo chiyembekezo chake chonse chili pa mayeso amene angamutsegulire njira ya maphunziro apamwamba. Bambo ake amamukwatitsa asanafike kumene ankalinga. Owerenga ena a kunja adzathamangira kunena kuti cholakwa ndi chipembedzo. Ife tingathamangire mbali inayo, n'kunena kuti buku likutinyoza. Mayankho onse awiriwa ndi aulesi. Bukuli likuonetsa poyera kuti umphawi wa mumsasa ndiwo ukukankha banjalo, komanso silikunamizira kuti mtsikanayo adafunsidwa. Shariya imafuna chilolezo cha mkazi pa nikah, ndipo kuno kwathu lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati. Ngakhale zili choncho, a Maryam alipo ku Mangochi, ku Machinga ndi m'maboma ena, pakati pa Asilamu ndi Akhristu omwe. N'zochititsa chidwi kuti mutu wa bukuli, wonena za nyenyezi zobalalika, ukuchokera m'ndakatulo ya Maryam. Amene adatsala ndiye adapatsa dzina nkhani ya amene adapita.

Apa ndi pamene tikusemphana nalo bukuli. Mathero ake ndi ndege. Omar ndi Hassan adafika ku Arizona mu 2009, Omar adaphunzira pa University of Arizona, adayambitsa bungwe la Refugee Strong lothandiza ophunzira a m'misasa, ndipo patapita zaka zoposa 20 chisiyanirane adaonananso ndi mayi ake. Zonsezi ndi zoona ndipo sitingamuletse munthu kufotokoza moyo wake mmene udayendera. Koma chaka chilichonse, othawa nkhondo amene amapatsidwa mwayi wokakhazikika ku dziko lachitatu safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Buku lolembedwera ana a ku America, limene masamba ake ambiri akukokera ku funso lakuti kodi dzina la Omar lituluka liti, likhoza kuphunzitsa mwana kuti chiyembekezo ndi America, ndipo kuti wolimbikira sukulu ndi wopirira amalandira mphotho imeneyo. Maryam adalimbikira kuposa Omar. Jeri adapirira chimodzimodzi. Olembawo akudziwa zimenezi, ndipo m'malo angapo akunena kuti kusankhidwa kulibe chilungamo, koma kapangidwe ka nkhaniyo kakulankhula mokweza kuposa chenjezo lawolo. Zojambula za Jamieson, za nkhope zozungulira ndi maso aakulu, pamodzi ndi thambo lokongola la usiku limene Geddy adalipaka, zimafewetsanso zinthu zina zimene zidayenera kutilasa.

Mbiri yathu ili ndi njira ina yoganizira nkhaniyi. Asilamu oyamba atathawira ku Habasha cha m'ma 615, mfumu ya Chikhristu, Najashi, idakana kuwabweza kwa Akuraishi ndipo idawalola kukhala mwaufulu m'dziko lake. Pa msamuko wa ku Madina mu 622, ma Muhajirun sadatsekeredwe kunja kwa mzinda. Adalumikizidwa pa ubale ndi ma Ansar, ndipo Abdur-Rahman ibn Awf adangopempha kuti amulozere kumsika. Chiyembekezo cha wothawa chidali m'dziko limene wafikiramo. Funso limene When Stars Are Scattered silifunsa mokwanira ndi lakuti n'chifukwa chiyani mnyamata wokhoza sukulu, wokhala mu Kenya zaka 15, sakadatha kutuluka mumsasa, kugwira ntchito ndi kumanga nyumba momwemo.

Funsoli likutikhudza. Dziko lino lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique mtendere wa 1992 usanafike, ndipo ambiri a iwo adakhala m'midzi pamodzi ndi eni nthaka ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi kwina. Lero tili ndi Dzaleka ku Dowa, imene idali ndende ya andale isanasanduke msasa mu 1994. Idakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000, ochokera makamaka ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Malamulo athu amawaletsa kukhala kunja kwa msasa, ndipo mu 2023 amene ankachita malonda m'matauni adabwezedwa kumeneko mokakamiza, ana awo n'kusiya sukulu zimene ankaphunzira.

Bukuli lili m'Chingerezi chosavuta, choti wophunzira wa fomu 1 angathe kuchitsata, ndipo zithunzi zimanyamula theka la nkhani. Mphunzitsi wa madrasa kapena wa sukulu amene angalipeze angachite bwino kuliwerenga ndi ana mpaka pa tsamba limene mayi Fatuma akutsazikana ndi anyamata awo, n'kuyamba waima pamenepo asanafike pa ndege. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dzaleka ndi ulendo wa makilomita osakwana 50.