Kalata ya Papa Francis ndi Wootcha Makala

M'chaka cha 2015 Papa Francis, amene anamwalira mu 2025, analemba kalata yaitali yotchedwa Laudato Si', yonena za kusamala dziko limene Mulungu anatiikiza. Sanalembere Akatolika okha ai, koma anthu onse. Chifukwa chache ifenso tiyenera kuiyesa, monga mlimi ayesa mbeu asanaibzale.

Mau akulu a m'kalatayo ndi akuti maiko olemera ali ndi ngongole kwa maiko osauka, ndipo pamenepa tibvomerezana nayo ndi mtima wonse. Pakuti utsi wa malasha ndi mafuta, wotuluka m'mafakitale ndi m'magalimoto, ukwera kumwamba nufunda dziko ngati bulangete, kotero kuti kutentha sikutuluka. Nyanja zitentha, ndipo nyanja yotentha imwetsa namondwe madzi ochuluka. Mwa utsi wonsewo Africa yense atulutsa magawo ngati 4 okha mwa 100. Koma mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope sanatsikire pa mizinda ya eni mafakitale. Anatsikira pa nyumba za ku Chilobwe. Mitembo yopezeka m'Malawi muno inapitirira 600, osawerenga mazana a anthu amene sanaonekenso. Wotentha tchire ndi wina, wopsa nyumba ndi wina.

Taonani ubwino wa liu lija lakuti ngongole. Wopempha mphatso agwada naomba m'manja, koma mwini ngongole aimirira pakhomo osachita manyazi. Mneneri Natani, pofotokozera Davide za wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, sanali kupempha chifundo, anali kuzenga mlandu. Ndipo mlandu wathu sunathe. Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anapangana kukhazikitsa thumba lothandiza oonongekedwa ndi nyengo. Mu 2023 ku Dubai analonjeza kuikamo madola ngati 700 miliyoni. Chiwerengerocho chimveka chachikulu kufikira titakumbuka kuti kukonzanso zimene Freddy yekha anaononga m'Malawi mokha kunawerengedwa madola ngati 680 miliyoni.

Komatu pali pena pamene kalatayo itisiya panjira. Pofika pa zimene munthu aliyense angachite, itchula kuzimitsa nyale zamagetsi zosafunika, kukwera galimoto imodzi anthu angapo, kusataya chakudya, ndi zina zotere. Malangizo ngokoma, koma ngolembera munthu wa galimoto ndi magetsi. Nanga mai wa kumudzi, amene nyale yache ndi tochi, adzazimitsa chiani? Chimene chimkhudza pamenepo ndi kubzala mitengo basi. Kalatayo inena zambiri za osauka, koma kwa osauka eni ache inena pang'ono. Ndiponso ichenjeza kuti tisakankhire mlandu pa kuchuluka kwa anthu. Chenjezo loona kwa olemera, koma ife amene tinali 4 miliyoni mu 1966 ndi 17.5 miliyoni mu 2018, ndipo tilima kufikira pa nsonga za mapiri, sitingathe kuidumpha nkhaniyo msanga chotero.

Tsono lingalirani za mbale wathu wootcha makala, amene akankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kupita ku Blantyre. M'kalatayo sadzipeza, ndipo m'maulaliki athu adzipeza ngati wochimwa yekha. Tamva alaliki akumdzudzula pa guwa ndi mau amphamvu, pamene nsima imene iwo akadye atatuluka m'kachisi iri kupsa pa mbaula ya makala omwewo. Iye sadula mtengo chifukwa chodana ndi chilengedwe, koma chifukwa chimanga chinatha mu December ndipo ana ayenera kudya. Kumuuza kuti aleke, osanena chimene adzadya, ndiko kumsenzetsa katundu amene ife sitimkhudza ndi chala.

Koma enanso a ife, atamva za ngongole ija, akondwa nati mlandu wonse ngwa kutsidya kwa nyanja. Iai, abale. Mvula ya Freddy inakula ndi utsi wa eni ache, koma nkhwangwa zimene zinabvula mapiri athu nzathu. Ndipo sitinganene kuti kusunga mitengo sitikudziwa: m'midzi yambiri nkhalango yotsala ndi ya kumanda, kumene munthu salowa ndi nkhwangwa popanda mau a mfumu. Chimene tichitira akufa tilephera kuchitira mtsinje umene amwa ana athu, ndipo pa malo a mipingo ina palibe ngakhale mthunzi wochitira msonkhano.

Mu October 2023 Papa yemweyo analembanso kalata yachiwiri, yaifupi ndi yaukali, yotchedwa Laudate Deum, msonkhano wa ku Dubai uli pafupi. Tinaiwerenga ndi chiyembekezo chakuti mwina m'menemo muli mau a kwa mbale wathu wa njinga uja. Tinapeza kuti makamaka ilankhula ndi olamulira maiko, ndipo iwadzudzula bwino ndithu. Koma funso la chimene iye adzadya akaleka makala latsalira akulu a mpingo wa kwao, amene adziwa dzina lache ndi munda wache.