Kanema Amadulidwa ndi Khutu

Mukafunsa achinyamata ophunzira kuedita vidiyo kuti luso lawo lafika pati, ambiri amathamangira kukuonetsani ma transition: chithunzi chikuzungulira, chikusweka, chikutuluka mkati mwa mtima wofiira. Ena amakuwerengerani mapulogalamu, ati anayamba ndi CapCut, pano ali pa Premiere Pro, chaka chamawa alowa DaVinci Resolve. Zatikwana! Sizasi yokwera mtengo siisandutsa munthu telala. Funso la ntchito imeneyi ndi limodzi: udula pati? Ine ndikuti yankho lake limachokera kukhutu.

Onerani mavidiyo ambiri a ukwati. Abusa akalankhula, tikuona abusa. Akangotseka pakamwa, chithunzi ndi mawu zimadukira limodzi, khapu, tili kale kuholo pa perekaniperekani. Woonera amadzidzimuka pa mdulo uliwonse, chifukwa munthu sakhala choncho m'moyo. Ukakhala m'nyumba umayamba wamva nthungululu panja, kenako n'kutembenuka kuti uone. Khutu limatsogola, diso limatsatira.

Apa mpamene pali ukoma wa J-cut, mdulo umene ndimaukonda kuposa ina yonse. Mawu a chochitika chotsatira amalowa chithunzi chake chisanafike. Mkwatibwi akadali m'galimoto, maso ali pawindo, koma kwaya ya m'tchalitchi yayamba kale kumveka chapansipansi. Pofika pakhomo la tchalitchi, woonera wafikako kale mumtima, ndipo sazindikira n'komwe kuti padulidwa. Mnzake ndi L-cut: chithunzi chasintha koma mawu akupitirira. Mkwati akulumbira, ife tikuona nkhope ya mayi ake. Lumbiro lomwelo likulemera kawiri, popanda effect ngakhale imodzi. Pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi, kukoka mawu ndi mafulemu 12 okha, pafupifupi theka la sekondi, kumasintha mpweya wonse wa chochitika. Ndipo n'zaulere, pulogalamu iliyonse yolola kulekanitsa mawu ndi chithunzi imatha zimenezi.

Akatswiri anazidziwa kalekale. Filimu ya Apocalypse Now ya mu 1979 imayamba ndi phokoso la helikopita limene limasanganikirana ndi fani ya kudenga m'chipinda cha hotela ku Saigon. Msilikali wina wagona pabedi, sanayankhule kanthu, koma tadziwa kale kuti nkhondo ili m'mutu mwake. Amene anakonza mawu a filimuyi, Walter Murch, anadzalandira mphoto ziwiri za Oscar pa filimu ya The English Patient ya mu 1996, ina ya kuedita zithunzi, ina ya mawu. Munthu mmodzi, ntchito ziwiri zimene kuno timaziona ngati zosagwirizana. M'buku lake la In the Blink of an Eye anandandalika zinthu 6 zoyenera kuganizira podula, ndipo mmene woonera akumvera mumtima anapatsa magawo 51 pa 100. Kusunga malo enieni amene anthu aima m'chipinda anangopatsa 4. Nanga mtima umagwidwa msanga ndi chiyani kuposa liwu la munthu?

Ena adzati iyayi, Lev Kuleshov wa ku Russia anasonyeza zaka zoposa 100 zapitazo kuti tanthauzo limabadwa zithunzi ziwiri zikagundana: nkhope imodzimodziyo ikatsatana ndi mbale ya supu imaoneka yanjala, ikatsatana ndi bokosi la maliro imaoneka yachisoni. N'zoona. Koma Kuleshov anachita zimenezi mafilimu asanayambe kulankhula. Ife tili ndi mawu m'manja, ndiye tikuwatayiranji pansi pa nyimbo imodzi yoikidwa kuyambira poyamba mpaka pothera? Chizolowezi chimenechi ndicho chimandipweteka kwambiri. Kuseka kwa ankhoswe, kulira kwa mwana kumbuyo, kugunda kwa mapazi a ovina, zonse zafufutidwa, m'malo mwake mwalowa nyimbo yotengedwa pa intaneti.

Za kukometsa mitundu ya chithunzi sindichedwa nazo, muziphunzire mukamaliza zina zonse. Drone nayo yangotipatsa madenga a malata ambirimbiri oti tizionera.

Wofuna kukula pa luso limeneli achite izi. Pojambula, atenge mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo aliyense ali chete, adzaifuna pomata mipata. Poedita, ayale mawu kaye pa timeline, avale mahedifoni, atsinzine, amvetsere. Pamene wolankhula wapuma, pamene ganizo latha, pamene kwaya yakoka mpweya, aike chizindikiro. Zithunzi zibwere pambuyo. Kenaka atenge filimu yabwino, kaya The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, aone malo amene mawu ndi chithunzi zikusinthira pa nthawi zosiyana, n'kudzifunsa chifukwa chake.

Akamaliza ntchito yake azimitse sikirini, aimvetsere yonse. Ngati nkhani ikumveka bwinobwino popanda kuona kanthu, waedita. Ngati siikumveka, abwerere pa timeline, ndipo ma transition asawakhudze.