Jodie Foster ndi luso lomvetsera

Nkhani za ana okulira m'mafilimu zimanditopetsa. Mtolankhani akangotchula mwana wotere, dziwani kuti akufuna kutiuza za mowa, za mankhwala ozunguza bongo, kapena za makolo amene anadya ndalama za mwanayo. Akasowa choipa amangoti "uyu ndiye anapulumuka", basi nkhani yathera pomwepo. Zimene munthuyo amachita kamera ikamuloza, zomwe ndiye ntchito yakeyo, palibe wozifunsa. Jodie Foster amulemba choncho kwa zaka zambirimbiri: anabadwa mu 1962, anayamba ndi kutsatsa malonda a Coppertone ali ndi zaka 3, anadzera ku Disney, anaphunzira ku Yale, sanasokonekere mutu. Zonsezo n'zoona, koma kodi kusasokonekera mutu ndi luso?

Mwana wa m'filimu amamuphunzitsa chinthu chimodzi, kusangalatsa akuluakulu. Amaloweza mawu ake, n'kudikira kuti mnzake amalize, kenako n'kuwalakatula ngati mwana wa Sande sukulu wonena vesi, maso ali kwa aphunzitsi. Shirley Temple anali katswiri wa zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Macaulay Culkin nayenso, manja m'masaya, kukamwa yasa, mu Home Alone ya 1990. Zimakoma ndithu, koma zimatha pamodzi ndi ubwana, ndipo Temple analeka mafilimu ali ndi zaka 22 zokha.

Foster anapatukira kwina mu Taxi Driver ya Martin Scorsese, imene inatuluka mu 1976. Ali ndi zaka 12 anasewera Iris, kamtsikana kogulitsidwa kwa amuna m'misewu ya New York. Mwiniwake wakhala akufotokoza kuti Robert De Niro ankapita naye kumalo odyera n'kumabwereza naye mawu omweomwewo mpaka kumutopetsa, kenako n'kuyamba kuponyamo mawu amene sanalembedwe. Apa kudikira sikukanathandiza. Mwanayo anayenera kumva zimene mnzake wanena kuti adziwe poyankha. Onerani m'filimumo pamene awiriwa akudya chakudya cham'mawa. Iris akupaka jamu pa buledi, akuthirapo shuga, akusintha magalasi a dzuwa, akuseka ngati alibe nazo ntchito. Koma mawu a Travis, amene De Niro akusewera, akumulowa, ndipo mukuona pankhope pake pamene amufika pamtima, iye asanatsegule pakamwa. Ine ndimati ntchito yonse ya Foster inayambira pa tebulo limenelo.

Umboni waukulu uli mu The Silence of the Lambs ya 1991. Anthu amakumbukira Anthony Hopkins, ndipo sindikuwaletsa, koma Hannibal Lecter wakeyo amaopsa chifukwa cha nkhope imene ikumumvetsera. Jonathan Demme anakonza kuti amuna olankhula ndi Clarice Starling, amene Foster amasewera, aziyang'ana mu kamera mwenimweni, pamene Foster amayang'ana chapambali pang'ono. Motero woonera amakhala m'malo mwa Clarice, akuyang'anitsitsidwa, ndipo kamera ikatembenukira kwa iye timafuna kudziwa ngati wapirira. Lecter akamunyoza za nsapato zake zotchipa ndi kalankhulidwe ka ku West Virginia kamene akuyesa kubisa, Foster sachita chilichonse chachikulu. Nsagwada zimauma, mpweya umadukiza, maso amanyowa koma sathawa. Chipongwecho amachilandira chonse, n'kuchimeza, kenako n'kubweza funso lake. Eee, koma zimenezi! Ngakhale pofotokoza za ana a nkhosa amene ankalira usiku ali mwana, mawu amawatulutsa ngati akuwamva koyamba iye mwini. Wosewera wina akanagwetsa misozi yodzaza ndowa poganiza kuti mphoto ili m'misozimo.

N'chifukwa chake Nell ya 1994 imandinyansa. Mmenemo amasewera mkazi wokulira kutchire, wolankhula chinenero chakechake, ndipo filimu yonse ndi iye kuvina, kubuula, kugwedeza manja, ena n'kumamuonerera. Ubwana wa ku Hollywood uja wabwerera: tandionani! Anamuika pa mndandanda wopikisana pa Oscar, zomwe sizidabwitsa, pakuti oweruza amakonda thukuta looneka. Oscar yake yoyamba ya The Accused ya 1988 anaiyenera, koma ndikukayika ngati anamupatsira mbali zake zachete. Panic Room ndi Flightplan ndi mafilimu a mayi wothamanga kufuna kuteteza mwana, ndipo wothamanga alibe nthawi yomvetsera.

Pa wailesi ya kanema, kumene ankaonekera kawirikawiri ali mwana, anabwererako ndi True Detective: Night Country mu 2024, n'kupata Emmy. Liz Danvers amene amasewera, mkulu wa apolisi m'tauni ya ku Alaska, ndi mayi waukali wodula anzake pakamwa. Ena anati Foster wasintha. Sanasinthe ayi. Kuti usewere bwino munthu wokana kumva, uyenera kusonyeza kuti wamva, kenako n'kutseka chitseko dala, ndipo Foster amatilola kuona kamphindi kakang'ono kamene chitsekocho chisanatsekeke.

Koma mbali imene ndimaikonda pa za ukulu wakezi ndi ya mu Nyad ya 2023. Annette Bening, monga Diana Nyad, ndiye akusambira kuchoka ku Cuba kupita ku Florida, ndiye akulumidwa ndi zam'nyanja, ndiye mwini filimu. Foster ndi Bonnie Stoll, mnzake womuphunzitsa, amene wangokhala m'boti kumuyang'anira. Olemba ndemanga ambiri anatamanda Bening chifukwa cha chaka chonse chimene anathera pophunzira kusambira, ngati kuti filimu ndi mpikisano wa masewero olimbitsa thupi. Ine kutopa kwa Diana Nyad, mantha ake ndi liuma lake ndinaziwerenga pankhope ya mayi wa m'botiyo, ndipo Bening akanakhala yekha m'madzimo filimuyo sindikanaimaliza.