Ndemanga ya Buku: Uphungu kwa Mwini Ngolo

Mabuku a zaulimi amene amafika kuno ku Ulongwe amakamba kwambiri za mbewu, feteleza ndi mankhwala a tizilombo. Koma amene adalimapo mbatata ya kachewere ku Dómuè kapena ku Tsangano amadziwa kuti ikakumbidwa siichedwa kuonongeka, ndipo nkhawa yaikulu imakhala ya momwe ichokere kumunda n'kukafika kumsika. Buku latsopano limene ndamaliza kuwerenga likukamba za chinthu chimene chimasenza ntchito imeneyo, ndiye ngolo. Ndi lalifupi, Chinyanja chake n'chomveka, ndipo n'zoonekeratu kuti mlembi wake manja adadapo ndi girisi. Akufotokoza za ngolo ya ng'ombe, ngolo ya thirakitala, komanso kangolo kokokedwa ndi galimoto, ndipo akulankhula ndi mwini wake wa ngoloyo, osati makaniko.

Mutu woyamba ukubwerera m'mbuyo pang'ono. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma lidakhazikitsa kuno ku Angónia munda waukulu wa CAIA wodalira mathirakitala ndi makina ochokera kunja. Nkhondo yapachiweniweni itakula m'zaka za m'ma 1980, mundawo udagwa, anthu ambiri adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo makola ambiri adatsala opanda ng'ombe. Mtendere utabwera mu 1992, mabanja adabwerera n'kuyambiranso ndi khasu, kenako ng'ombe ziwiri, kenako ngolo. Mlembi sakuchedwapo, koma masamba ochepawo akukwanira kukumbutsa wowerenga kuti pakhomo pambiri ngolo idagulidwa ndi thukuta la zaka zingapo, ndipo kuisiya kuti ife ndi dzimbiri n'kutaya chuma cha banja.

Mphamvu yeniyeni ya bukuli ili pa mutu wa habu ndi maberingi. Ngolo zathu zambiri owotcherera amazipanga ndi ekiselo ndi mahabu a magalimoto akale, ndipo n'pomwepa pamene mavuto ambiri amayambira mwakachetechete. Mlembi akuphunzitsa mwini ngolo kuipima yekha. Aikweze ndi jeke kapena mtengo wolimba atatchinga tayala linalo ndi miyala, agwire gudumu pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagwedera, beringi yamasuka kapena yadyeka. Kenako alizungulitse n'kutchera khutu: likamamveka ngati muli mchenga, fumbi kapena madzi zalowa. Ndipo pofika paulendo, asanamasule ng'ombe, aike dzanja pa habu monga mayi amagwirira mwana pachipumi kuti amve ngati watentha thupi. Habu yofunda pang'ono ilibe mlandu, koma yootcha dzanja ikufuna kumasulidwa tsiku lomwelo.

Chandisangalatsa n'chakuti sakungolamula, akufotokozanso chifukwa chake. Ambiri timaganiza kuti nati ya pa ekiselo ikamangidwa mwamphamvu ndiye kuti zili bwino. Mlembi akuti pa maberingi osongoka a m'mahabu otere, nati imamangidwa gudumu likuzungulira mpaka zonse zitakhazikika, kenako imabwezedwa pang'ono n'kutsekedwa ndi kapini kake. Ikathina kwambiri beringi imapsa, ikalekerera gudumu limavina mpaka kudya ekiselo. Akuchenjezanso kuti kuwonjezera girisi watsopano pamwamba pa wakale wodzaza mchenga sikuchiza kanthu. Beringi iyenera kuchotsedwa, kutsukidwa ndi parafini, kuumitsidwa, ndipo girisi alowetsedwe ndi chikhatho mpaka atulukire mbali inayo. Kwa ife amene ngolo zathu zimaoloka mitsinje ndi madambo kuyambira Disembala mpaka Malichi, malangizo ake oti ntchitoyi izichitika mvula ikangotha, nthawi yotuta isanafike, ndi oyenera dera lino.

Mutu wa kapakidwe ka katundu nawonso walembedwa ndi mtima. Mlembi akuwerengera ng'ombe ngati mbali ya ngolo, ndipo apa ndikugwirizana naye kotheratu. Ngolo ya matayala awiri imapendekera kumene kwalemera. Katundu akachuluka kutsogolo, kulemera konse kumatsikira pa goli n'kutupitsa makosi a ng'ombe. Akachuluka kumbuyo, mtengo wokokera umanyamuka, goli limakwera, zingwe n'kumazitsamwitsa pakhosi. Akulangiza kuti matumba olemera akhale pamwamba pa ekiselo, kutsogolo kulemereko pang'ono chabe. Akukumbutsanso masamu amene timawaiwala tikaona ogula akudikira: matumba 10 a makilogalamu 50 ndi theka la tani, matumba 20 ndi tani yathunthu, ndipo matumba a mbatata osokerera pamwamba aja amalemera kuposa pamenepo. Pa kangolo ka galimoto akupereka muyeso wodziwika, wakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse likhale pa cholumikizira. Kangolo kolemera kumbuyo kamayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, ndipo dalaivala akuuzidwa kuchotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, osaponda buleki mwadzidzidzi kapena kulimbana ndi chiwongolero.

Mitu ya matayala, dzimbiri ndi magetsi ndi yaifupi koma muli zotola. Ambiri timagula matayala ogwira kale ntchito poyang'ana mapanga ake okha. Bukuli likuonetsa manambala anayi a m'mbali mwa tayala, awiri oyamba osonyeza sabata, awiri otsiriza chaka chimene lidapangidwa, kotero kuti 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'aluka m'mbali ngakhale mapanga ali bwino, makamaka likamakhalira padzuwa. Likutinso feteleza wotayikira m'ngolo amadya chitsulo msanga, choncho ngolo itsukidwe ikangotsitsa matumba. Pa magetsi a kangolo ka galimoto, uphungu woti munthu ayambe wayang'ana waya wa ethi asanathamangire kugula mababu udzapulumutsa ndalama za ambiri.

Komabe pali malo amene bukuli landisiya ndi njala, ndipo oyamba ndi mabuleki. Mlembi wawapatsa ndime zochepa, pamene dera lathu ndi la mapiri ndi zitunda. Ngolo za ng'ombe zambiri kuno zilibe buleki iliyonse. Pamtsetse, ngolo yodzaza imakankha goli mpaka kumitu kwa ng'ombe, ndipo imodzi ikaterereka pamatope, ngozi imagwera nyama ndi woyendetsa yemwe. Anthu ali ndi njira zawo, monga kukoka chipika kumbuyo kapena kumanga gudumu limodzi ndi tcheni, ndipo wowerenga akadafuna kumva kuti njira zimenezi zimathandiza pati, zimaononga chiyani. Kumanga gudumu, mwachitsanzo, kumapala tayala pamalo amodzi. Buleki ya mtengo wopingasa wokanikiza matayala onse awiri si yovuta kupanga, ndipo munthu wodziwa zitsulo ngati mlembiyu akadatha kujambula chithunzi choti wowotcherera aliyense wa pamsika atsatire.

Chachiwiri n'chofanana nacho. Msewu wa tala wochokera ku Mussacama kudzera pa Ulongwe mpaka kuchipata cha Calómuè umayenda magalimoto akuluakulu opita ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo ngolo zopita kumsika zimanyamuka kusanache. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimakuta zitunda, moti dalaivala amaiona ngolo atafika kale pafupi. Bukuli lafotokoza bwino magetsi a kangolo ka galimoto, koma silinanene kanthu za zonyezimira zofiira zokhomera kumbuyo kwa ngolo ya ng'ombe, zomwe mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi moyo wa munthu. Apa mlembi adayang'ana kwambiri chitsulo, msewu n'kuuiwala.

Palinso nkhani ya kogula zipangizo. Mwini ngolo wa kuno amagula lero pa Ulongwe, mawa ku Dedza kapena pa Lizulu, nthawi zina mpaka ku Tete, ndipo wogulitsa wina amatchula chipangizo m'Chipwitikizi, wina m'Chingerezi. Chimene sichisintha ndi nambala yodindidwa pa beringi. Ya 6205, mwachitsanzo, bowo lake ndi mamilimita 25 kulikonse kumene mungaigule. Mlembi watchula zoti nambalayi ilipo, koma tsamba limodzi londandalika manambala ofala ndi miyeso yake likadachepetsa maulendo obwerera kusitolo ndi chipangizo chosalowa. Zithunzi zina, makamaka za mkati mwa habu, zatuluka zakuda kwambiri posindikiza, ndipo n'zomwe munthu womasula koyamba akadazidalira.

Ndikadakondanso mlembi akadaganizira za amene amagwira chikwapu tsiku ndi tsiku. Bukuli likulankhula ngati mwini ngolo ndiye amaiyendetsa, pamene pakhomo pambiri ngolo imapita kukagwira ganyu yotuta chimanga, fodya, njerwa kapena mchenga, ili m'manja mwa mwana wa pakhomopo kapena mnyamata wolembedwa ntchito. Iyeyo ndiye amamva phokoso lachilendo likayamba, ndiye amaumirizidwa ndi wobwereka kuti awonjezere matumba awiri, ndipo kawirikawiri amaopa kunena kuti china chavuta poopa kudzudzulidwa. Kamutu kakafupi kolangiza mwini ngolo momwe angaphunzitsire mnyamatayo kupima habu ndi manati asananyamuke, ndi kumulimbitsa mtima kuti azikana katundu wopitirira, kakadafikitsa nzeru za bukuli kumene zikufunika kwambiri.

Zoperewerazi n'zotheka kukonza bukuli likamadzasindikizidwanso, ndipo sizikuchotsa kanthu pa zimene zalembedwa bwino. Alangizi a zaulimi, magulu a alimi, ndi ophunzira a zaulimi a ku UniZambeze kuno ku Ulongwe angachite bwino kulitenga popita kumidzi, n'kuwerenga mutu wa maberingi mokweza pali ngolo yokwezedwa pa jeke, gudumu litachotsedwa, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe aone ndi maso pamene girisi amalowa.