Luso la Amisiri a Zombo ku Nkhotakota

Doko la Nkhotakota, lomwe mchenga wautali wa Sungu umalitchinga ku mafunde a mwera, linatchuka m'zaka za m'ma 1840 pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikitsapo linga, mudzi wozingidwa ndi mpanda wolimba. Amisiri a kumeneko ankakhoma zombo za matabwa zoyenda ndi thanga, nsalu yaikulu yokola mphepo, ndipo mu 1863 David Livingstone anapeza chombo china chikukhomedwa. Ngakhale zombozo zinkaolotsa akapolo ndi minyanga, luso lolumikiza matabwa ndi kutseka mipata kuti madzi asalowe linatsala malonda oipawo atatha, ndipo amisiri amene amakhoma nalo maboti a asodzi a usipa ndi chambo masiku ano ayenera kulandira ulemu.